Mtendere Uchokera Kuti? Mayankho kwa Omvera a kwa Ndamera

Makalata amene akuyankhidwa m'pulogalamu ya lero achokera kwa omvera a m'dera la mfumu yaikulu Ndamera, kumunsi kwenikweni kwa boma la Nsanje, kumene dziko la Malawi limathera pa chipata cha Marka, ndipo kutsidya kwake kuli Vila Nova da Fronteira wa ku Mozambique. Onse akufunsa za mtendere monga mmene Chikhristu chimauphunzitsira, ndipo kafunsidwe kawo kakuonetsa kuti nkhaniyi ikuwakhudza pamoyo, pakuti ambiri mwa iwo anamvapo kulira kwa mfuti kutsidya kwa malire, anasungapo othawa nkhondo pakhomo pawo, ndiponso anagonapo m'makalasi madzi atamiza midzi. Mayina a olemba sakutchulidwa, ndipo mafunso awo afupikitsidwa.

FUNSO: Mphunzitsi wina wa Sande sukulu wa kufupi ndi Lulwe akufunsa chimene Baibulo limatanthauza ponena za mtendere, kumene mtenderewo umachokera, ndiponso ngati pali kusiyana pakati pa mtendere ndi bata.

YANKHO: Chikhristu chimaphunzitsa kuti mtendere ndi mkhalidwe umene umakhalapo pamene ubale wa munthu ndi Mulungu, ubale wake ndi anzake, ndi ubale wa anthu ndi nthaka imene imawadyetsa zili pabwino, kotero kuti mtima wa munthuyo nawonso umakhazikika. Buku la Genesis, m'mitu 3 ndi 4, limalongosola mmene maubalewa anasokonekera motsatana: munthu anayamba wabisala pamaso pa Mlengi, kenako anakankhira mlandu kwa mkazi wake, nthaka inayamba kubala minga, ndipo pamapeto pake Kaini anapha m'bale wake kumunda. Ndondomekoyi ndi yofunika kuigwira bwino, chifukwa ikusonyeza kuti kukhetsa magazi ndi chipatso chomaliza cha vuto limene muzu wake ndi kupatukana ndi Mulungu, ndipo n'chifukwa chake Akhristu amati machiritso nawonso ayenera kuyambira pamuzupo.

Chipangano Chakale chimajambula mtendere ndi zinthu zooneka ndi maso, zimene mlimi wa m'chigwa cha Shire angazizindikire msanga. Levitiko 26 amauika pamodzi ndi mvula yogwa panthawi yake, zokolola zokwanira ndi tulo topanda mantha. Mneneri Mika m'mutu 4 amaona munthu aliyense atakhala pansi pa mtengo wake popanda womuopseza. Ndipo Yesaya 32 amati mtendere ndi chipatso cha chilungamo. Dalitso limene ansembe ankapereka, lolembedwa pa Numeri 6, limapempha Mulungu kuti apatse anthu ake mtendere, zimene zikuonetsa kuti Aisiraeli ankauona ngati mphatso yochokera kwa iye.

Chipangano Chatsopano chimanena mmene mphatsoyo inafikira. Mtumwi Paulo, pa Aroma 5, Akolose 1 ndi Aefeso 2, amagwiritsa ntchito mawu akuti chiyanjanitso, kutanthauza kubwezeretsa ubale pakati pa amene anali pa udani, ndipo amaphunzitsa kuti Mulungu, amene ndiye analakwiridwa, ndi amene anayamba kuyanjanitsa anthu ndi iye mwini kudzera mu imfa ya Khristu, ndi kuti imfa yomweyo inathetsa udani umene unkalekanitsa Ayuda ndi anthu a mitundu ina. Tsono mtendere ndi Mulungu ndi mtendere pakati pa mitundu ya anthu, kwa Paulo, ndi ntchito imodzi. Izi zinalembedwa m'nthawi imene ufumu wa Aroma unkanyadira mtendere wakewake, umene unayamba ndi mfumu Augustus ndipo unkasungidwa ndi asilikali, misonkho ndi kupachika pamtanda aliyense wooneka ngati woukira. Yesu anaphedwa ndi osunga bata amenewo, ndipo ichi chikuthandiza kumvetsa chifukwa chake pa Yohane 14 amasiyanitsa mtendere umene iye amapereka ndi umene dziko limapereka.

Augustine wa ku Hippo, episkopi wa kumpoto kwa Africa amene anayamba kulemba buku lake lalikulu lonena za mzinda wa Mulungu mzinda wa Rome utalandidwa m'chaka cha 410, anafotokoza kuti mtendere ndi kukhazikika kumene kumabwera chinthu chilichonse chikakhala pamalo ake oyenera. Iye anaonanso kuti ngakhale achifwamba amafuna kugwirizana pakati pawo, kotero kuti kusamveka kwa phokoso pakokha si umboni wa chilungamo. Kusiyana kumene mphunzitsiyu akufunsa ndi kumeneku: nyumba imene mkazi ndi ana amaopa kutsegula pakamwa bambo akalowa ili ndi bata, koma mtendere mulibe.

FUNSO: Agogo ena aamuna okhala pafupi ndi Marka, amene anathawa ku Mutarara mu 1986 ndi kukhazikika kuno, akufunsa ngati mtendere umene unabwera ku Mozambique mu 1992 unali wa Mulungu kapena wa andale, ndipo ngati unali wa Mulungu, n'chifukwa chiyani mfuti zinadzaliranso ndipo anthu anawolokanso Shire kumapeto kwa 2024.

YANKHO: Funso la agogowa ndi lolemera, ndipo liyenera kuyankhidwa ndi mbiri yeniyeni. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inayamba mu 1977, ndipo itakula m'chigwa cha Zambezi mu 1986, anthu ochuluka a ku Mutarara ndi Morrumbala anathawira ku Nsanje. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi anali kusunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje alendowo anachuluka kuposa eni boma. Ena anali m'misasa monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu, koma ambiri analandiridwa m'midzi, popeza Asena a mbali ziwiri za malire ndi anthu amodzi, olankhula chinenero chimodzi ndiponso okwatirana.

Mipingo ndi imene inayamba kugogoda pa khomo limene andale ankaliopa. Mu 1989 atsogoleri a mipingo ya ku Mozambique, pakati pawo Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Episkopi Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, anakumana ndi atsogoleri a Renamo ku Nairobi. Mu Julaye 1990 zokambirana zinayamba ku Rome, m'nyumba ya gulu la Akatolika wamba lotchedwa Sant'Egidio, ndipo amkhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi amene anayambitsa gululo, wansembe Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Arkiepiskopi Gonçalves. Patatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano wa boma la Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasainirana pangano, ndipo mu 1994 dzikolo linachita chisankho cha zipani zambiri. Ndi zoonanso kuti panali zifukwa zina zimene zinakankhira mbali ziwirizo ku gome la zokambirana: mayiko amphamvu amene ankathandiza mbalizo anali atasiya kulimbana, ulamuliro wa tsankho ku South Africa unali kugwa, ndipo chilala cha 1992 chinasiya asilikali opanda chakudya.

Chikhristu sichikakamiza munthu kusankha pakati pa Mulungu ndi anthu amene anagwira ntchitoyi. Mlimi amene wakumba ngalande kuchokera ku Shire kupita kudimba lake sanalenge madziwo, komabe popanda ngalande yake dimbalo likanauma; chimodzimodzinso amkhalapakati, atsogoleri amene analolera kugwirana chanza, ndi amayi a kwa Ndamera amene anagawa ufa wawo wochepa ndi alendo, anali njira zimene mphatso ya Mulungu inadutsamo. N'chifukwa chake Mateyu 5 amatchula anthu odzetsa mtendere kuti adzadziwika ngati ana a Mulungu: iwo amachita ntchito ya Atate wawo.

Koma pangano la pakati pa magulu omenyana limaletsa mfuti kulira, ndipo ntchito yoyanjanitsa mitima ndi kukonza chilungamo imakhala ikadalipo. Dziko la Mozambique linakhululukira mwalamulo onse amene anachita zoipa pankhondo, ndipo silinakhazikitse bwalo loti choonadi chinenedwe poyera monga linachitira dziko la South Africa. Njira imeneyi inathandiza kuti nkhondo ithe msanga, komabe inasiya anthu ambiri akukhala moyandikana ndi amene anawaphera abale popanda mawu opepesa. Kumidzi, akuluakulu ndi mipingo anayesetsa kudzaza mpatawo ndi miyambo yotsuka obwera kunkhondo ndi mapemphero owalandira. Mu 1995 bungwe la mipingo ya ku Mozambique, motsogozedwa ndi Episkopi Sengulane, linayamba ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata, potsata masomphenya a Yesaya 2 onena za zida zankhondo zosulidwa kukhala zida zolimira, ndipo zina mwa mfutizo amisiri anazidula n'kupangira ziboliboli zimene zikuonetsedwa ku British Museum ku London. Ntchitoyi inali yolemekezeka kwambiri, koma madandaulo a zisankho, umphawi wa zigawo zapakati ndi kugawana mphamvu sizinathe, kotero kuti kumenyana kunabukanso mu 2013, pangano lina linasainidwa mu Ogasiti 2019 pakati pa Filipe Nyusi wa boma la Frelimo ndi Ossufo Momade wa Renamo, ndipo zipolowe zotsatira chisankho cha Okutobala 2024 zinabweretsanso anthu zikwi zambiri ku Nsanje mu Disembala. Agogowa asaganize kuti Mulungu anabweza mphatso yake. Chimene mbiriyi ikuonetsa n'chakuti kumene chilungamo chatsalira m'mbuyo, pangano limakhala losalimba. Chikhristu chimavomerezanso poyera kuti mtendere wa pansi pano ndi wosakwanira, ndipo wathunthu ukudikiridwa pa kubweranso kwa Khristu, koma chiyembekezo chimenecho sichimasula aliyense ku udindo wa lero.

FUNSO: Mayi wina wochokera ku dambo la Ndindi, kwa Nyachikadza, amene anasamukira kumtunda namondwe wa Freddy atawononga nyumba ndi munda wake mu Malichi 2023, akulemba kuti mitambo ikangoda mtima wake umagunda ndipo tulo sabwera, ndipo anzake ena akumuuza kuti zimenezo ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa.

YANKHO: Anzawo a mayiwa akulakwitsa, ndipo ndi bwino kunena zimenezi mosabisa. Munthu amene anaona madzi a 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy ali ndi chifukwa chomveka choopera mvula, ndipo thupi limene linapulumuka zoopsa limakumbukira ngakhale mwini wake akupemphera mokhulupirika. Baibulo silibisa mantha a anthu a Mulungu. Gawo lalikulu la Masalimo ndi madandaulo, ndiye kuti mapemphero amene munthu amauza Mulungu ululu wake mosachepetsa. Buku la Yobu limatha ndi Mulungu akudzudzula abwenzi amene ankamuuza Yobu kuti mavuto ake akuchokera ku kulakwa kwake. Ndipo Yesu mwini anavutika mumtima ku Getsemane.

Mtendere wa mumtima umene Paulo amanena pa Afilipi 4 anaulemba ali m'ndende, osadziwa ngati atulukamo wamoyo, ndipo amaufotokoza ngati chinthu chimene chimalondera mtima wa munthu amene akupereka nkhawa zake kwa Mulungu. Pa Yohane 16 Yesu amaika pamodzi zinthu ziwiri, kuti ophunzira ake adzaona masautso ndi kuti mwa iye adzakhala ndi mtendere. Tanthauzo lake n'lakuti mtendere umenewu ndi kudziwa kuti munthu sanasiyidwe yekha ndi kuti tsoka silinamuchotse m'manja mwa Mulungu, ndipo ungathe kukhala pamodzi ndi misozi. Pa Agalatiya 5 umatchedwa chipatso cha Mzimu Woyera, ndipo chipatso chimakhwima panthawi yake. Sichikakamizidwa ndi mawu odzudzula.

Mayiwa athandizidwa kwambiri ngati apeza anthu okhulupirika a mumpingo kapena mumphakati mwawo amene angamve nkhani yawo mobwerezabwereza popanda kuwaweruza, ndipo ngati kusowa tulo kukupitirira, apite kuchipatala akafotokoze, chifukwa kuvulala kwa maganizo ndi matenda amene ali ndi chithandizo. Kumvera machenjezo a zanyengo pa wailesi ndi kudziwiratu kothawira nakonso kumachepetsa mantha, ndipo sikutsutsana ndi kudalira Mulungu.

FUNSO: Mnyamata wina wa sukulu ya sekondale akufunsa chifukwa chake pa Mateyu 10 Yesu akunena za lupanga ndi kugawanika kwa mabanja, pamene iye amatchedwa mwini mtendere.

YANKHO: Lupanga la pamenepo ndi fanizo la kugawanika kumene choonadi chimabweretsa pakati pa amene achilandira ndi amene achikana, ndipo si chilolezo chomenyera nkhondo, pakuti pa Mateyu 26 Yesu yemweyo analetsa wophunzira wake kugwiritsa ntchito lupanga lenileni. Mneneri Yeremiya, m'mutu 6, anadzudzula kale atsogoleri a chipembedzo amene ankalengeza kuti zonse zili bwino anthu akuponderezedwa.

Mbiri ya Malawi ili ndi chitsanzo chake. Boma la chipani chimodzi linkanyadira kuti dziko lili pa bata ndi mtendere, koma anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ndipo ankaopa kulankhula ngakhale pakati pa abale. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, yotchula poyera kusiyana kwa olemera ndi osauka, mavuto a maphunziro ndi zaumoyo, ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, apolisi anafunsa mafunso maepiskopiwo, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Bata linasokonekera ndithu, koma chaka chomwecho mipingo ina pamodzi ndi Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga bungwe la Public Affairs Committee, limene linakambirana ndi boma mpaka referendamu ya pa 14 Juni 1993 inachitika popanda nkhondo. Kupezeka kwa Asilamu m'bungwelo kukukumbutsanso mfundo ina, yakuti ngakhale Akhristu amakhulupirira kuti gwero la mtendere ndi Mulungu mwa Khristu, sanena kuti iwo okha ndi amene angaugwirire ntchito; kalata ya Papa John XXIII ya mu 1963 yonena za mtendere padziko inalembedwera anthu onse akufuna kwabwino, ndipo inatchula choonadi, chilungamo, chikondi ndi ufulu ngati maziko ake.

FUNSO: Bambo wina, mkulu wa mpingo kwa Ndamera, akulemba kuti malemu bambo ake anabwereketsa malo kwa banja lothawa madzi, ndipo tsopano ana a banjalo akuti malowo ndi awo. Onse amapemphera m'tchalitchi chimodzi, ndipo anthu akumuuza kuti Mkhristu wofuna mtendere angousiya mlanduwo.

YANKHO: Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, kukhululuka ndi kuyanjana. Kukhululuka ndi kusiya mtima wobwezera, ndipo munthu mmodzi angathe kukuchita yekha ngakhale mnzakeyo sanapepese. Kuyanjana ndi kubwezeretsa ubale, ndipo kumafuna anthu awiri, choonadi chonenedwa poyera, ndi kukonza chimene chinalakwika, monga anachitira Zakeyu pa Luka 19 pobweza zimene analanda. Mlandu wongosiyidwa chifukwa cha manyazi nthawi zambiri umadzabukanso pakati pa zidzukulu, pamene mboni zonse zamwalira, ndipo ukatero umapita ndi zikwanje. Choncho bambowa sakuchimwa pofuna kuti nkhaniyi imveke.

Komabe chilungamo cha Baibulo chimayang'ananso kusowa kwa winayo. Banja limene munda wake unakwiriridwa ndi mchenga lilibe kobwerera, ndipo ana obadwira pamalopo sadziwa kwina. Levitiko 25 amakumbutsa kuti mwini nthaka ndi Mulungu ndipo anthu ndi osungira chabe, ndipo pa Genesis 13 Abrahamu, amene anali wamkulu ndiponso woyenera kusankha poyamba, analola Loti kusankha dera pofuna kuti abusa awo asamenyane. Kulolera kotereku kumakhala kwaulemu pamene mwini wake wakusankha mwaufulu, ufulu wake utavomerezedwa poyera. Kukakamizidwa ndi mawu a anthu kumabala chidani chobisika.

Dongosolo la pa Mateyu 18 likugwirizana bwino ndi mwambo wa kumudzi. Bambowa ayambe akumana ndi wamkulu wa banjalo paokha, ndipo mawu oyamba akhale okumbutsa ubale umene unali pakati pa makolo awo. Zikakanika, aitane akuluakulu awiri kapena atatu amene analipo pamene malowo ankaperekedwa, kuti anene zimene akudziwa mbali zonse zikumva. Popeza bambowa ndi mkulu wa mpingo, asakhale nawo pa gulu loweruza nkhaniyi kutchalitchi, ndipo apemphe abusa kuti asankhe ena. Ntchito ya mpingo ndi kufewetsa mitima ndi kuletsa miseche. Kudula malire a malo a makolo ndi udindo wa anyakwawa, agulupu ndi amfumu, pamodzi ndi makomiti ndi mabwalo a zamalo amene lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa. Ngati mbali ziwirizi zigwirizana kuti banjalo lisunge pamene pali nyumba ndi gawo lina la munda, ndipo gawo lotsalalo libwerere kwa eni ake, malirewo ayendedwe masana pamaso pa amfumu ndi ana a mabanja onse awiri, pabzalidwe mitengo yosonyeza malire, ndipo chigwirizanocho chilembedwe, aliyense asunge pepala lake.